Ndani Amayamba Kulawa?

Kwathu ku Kasungu, mowa ukapsa anthu n'kukhala pansi pa mtengo, chipanda choyamba sichipita kwa mlendo. Mwini mowa amatunga, n'kumwako iye mwini aliyense akuona, apukuta pakamwa, ndiyeno n'kupereka kwa wamkulu amene ali pamenepo. Timati walawa. Palibe amamufunsa kuti wakoma bwanji. Kulawako kumanena zina: ndafulula ndine, ngati muli choipa chiyambe ndi ine.

M'tauni mwathu mwayamba kufika kulawa kwa mtundu wina. Kukubwera ndi mowa umene akuutcha craft beer, wofululidwa wochepawochepa ndi timakampani ting'onoting'ono, uliwonse ndi kakomedwe kake. Pa kulawa kumeneku amakuikira timatambula tinayi kapena tisanu pa kathabwa. Umanunkhiza, umayang'ana mtundu wake pa kuwala, umamwako pang'ono, kenako n'kunena maganizo ako. Wofulula sakhalapo. Mwina ali ku Cape Town, mwina ku Belgium. Wolawa ndiwe, ndipo ntchito yako ndi kugamula.

Mawu ndi amodzi koma ntchito ndi ziwiri. Kwina wolawa amaika thupi lake pachiswe chifukwa cha anzake. Kwinaku wolawa amakhala pampando wa woweruza. Ine ndinabadwira kumene kuli kulawa koyambako, sukulu n'kundiphunzitsa kwachiwiriko. Ndiye funso limene ndikufuna tilingalire limodzi, anzanga, ndi ili: kodi lilime lodziwa kusiyanitsa zinthu limampangitsa munthu kukhala wabwinoko, kapena limangomupatsa njira yatsopano yoderera kwawo?

Ndiyambe ndi ku koleji, chifukwa n'kumene ambiri a ife tinaphunzira kumwa, makolo akuganiza kuti tili pa buku usiku ndi usana.

Ku Zomba mowa wa wophunzira unkatsata kalendala ya ndalama ya apukipi. Sabata imene ndalama yalowa, ndi Green ndi kanyenya, munthu kugulira tebulo lonse ngati bambo ake ali ndi esiteti. Masabata apakati, paketi imodzi ya Chibuku anthu atatu, kuigwedeza kaye bwinobwino musanatsegule. Chakumapeto ena amatsetserekera ku Chikanda kwa amayi otcheza kachasu, ena amapirira ndi soya pieces ndi tiyi wopanda mkaka, n'kumauza anthu kuti asiya mowa chifukwa mayeso ayandikira. Pa zonsezi palibe amene ankalawa. Tinkawerengera. Mafunso anali awiri basi: ndi zingati, nanga ndi wamphamvu bwanji?

Komabe aliyense ankadziwa makwerero ake. Pansi penipeni kachasu, pamwamba pake masese, kenako Chibuku, pamwamba pa zonse botolo lobiriwira. Makwerero amenewa sitinawapange ife. Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira pamenepo botolo lija linakhala chizindikiro cha munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Kampaniyo inagulidwa ndi Castel mu 2016, koma ulemu wa botolo sunasinthe. Ngakhale kusiyana kwa ma yo ndi matradi, kumene kumaoneka pa nsapato ndi pa kalankhulidwe ka Chingerezi, kunkaonekanso pa chimene munthu wagwira m'manja Lachisanu madzulo. Digiri, mwa zina, inali lonjezo lakuti udzakwera makwererowo ndipo sudzatsikanso.

Tili chaka chachitatu tinazindikira kuti pamwamba pa Green palinso masitepe ena. Mesho wanga anali ndi mchimwene wake wogwira ntchito ku Cape Town, ndipo atabwera kutchuthi anamusiyira mabotolo asanu ndi limodzi, lililonse ndi dzina lake ndi chithunzi chake. Tinasonkhana anthu asanu m'chipinda, ena pabedi ena pa ndowa yovundikira, makapu a tiyi m'manja. Mesho anali atakonzekera pa YouTube. Anatiletsa kumwa msanga. Anati tinunkhize kaye.

Loyamba linali IPA. Fungo lake linali ngati la mango ndi masamba a mandimu, koma kukamwa linawawa ngati wina waviikamo nimu. Mnyamata wina wa ku Nsanje analavulira pazenera n'kunena kuti mowawu unaonongeka panjira. Mesho anafotokoza kuti kuwawako n'kwadala, kumachokera ku maluwa otchedwa hops, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti akumve. Lachiwiri linali lakuda bii, lomveka khofi. Lachitatu linali la mbuu, losaonekera mkati, lowawasa. Apa mnzathu wina wa ku Mchinji, tradi weniweni wosabisa, anamwa, n'kukhala chete pang'ono, n'kunena kuti:

"Aise, awatu ndi masese. Masese opita kusukulu."

Tinaseka mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma. Koma mnyamatayo sankacheza. Lilime lake linazindikira m'bale wake wa chinthu chimene linakula nacho, ndipo sayansi ili kumbali yake.

Amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga, akhala akufulula masese ku dera la Chamama chiyambire ndisanabadwe. Ntchito yawo imayamba ndi chimera. Amaviika chimanga kapena mawere, amavundikira mpaka njere zitamera, amaanika, n'kukagayitsa. Amaphika phala mu mgolo, n'kulisiya lizizireko. Akapisa chala n'kuona kuti lafika pake, amathira chimera. M'chimeramo muli tinthu timene ku kalasi ya sayansi tinkatitcha ma enzyme, timene timaswa ufa kuusandutsa shuga. Phala likatentha kwambiri timafa, likazizira kwambiri timagwira ntchito mwaulesi. Wofulula craft beer amachita zomwezi ndi chimera cha balere, kungoti iye ali ndi chipangizo chomuuza kuti kutentha kwafika pafupifupi madigiri 65. Amayi aakulu ali ndi chala. Pakutha pa gawo limeneli mumakhala thobwa, lotsekemera, lomwe ngakhale ana ndi akulu ampingo amamwa. Likakhala masiku angapo, mabakiteriya ena amalipatsa kuwawasa, yisiti n'kudya shuga uja kutulutsa mowa ndi thovu. Amaphikanso, amaonjezera chimera, amadikira, amakuntha. Sabata yathunthu ya utsi m'maso, kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ndipo akaphonya sitepe imodzi mgolo wonse wapita.

Tsono taonani. Ku Belgium kuli mowa wotchedwa lambic, umene ofulula sathiramo yisiti yogula. Amausiya poyera usiku kuti tizilombo ta mumpweya tilowemo tokha, ndipo umatuluka wowawasa. Akatswiri a mowa amaulemekeza kwambiri. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene nsima yathu inalowapo mu 2017. Ku America anthu akhala akuthamangira IPA wa mbuu, wosaonekera mkati. Kuwawasa, mbuu, tizilombo tobwera tokha, kufulula wochepa, mowa wosafanana mgolo ndi mgolo: zonse zimene zimapatsa craft beer mtengo wokwera ndi zomwezo zimene munthu wophunzira wa kuno amatchula pofotokoza chifukwa chake samwa masese.

Patchuthi chotsatira ndinawafotokozera amayi aakulu nkhaniyi, akupala mgolo kuseri kwa nyumba.

"Amayi, mukudziwa kuti azungu amagula mowa wowawasa ngati wanuwu pa ndalama zambiri?"

"Ndiye iwe unamwa?"

"Ndinalawako."

"Anafulula ndani?"

"Kampani ina ya ku Cape Town."

"Kampani ili ndi manja? Ndikufunsa munthu wake."

Ndinati dzina la munthuyo silinalembedwe pabotolo. Anaimika ntchito n'kundiyang'ana.

"Iwe mwana, mowa wa munthu amene sunamuone nkhope? Nanga m'mimba mukavuta ukadandaula kwa yani?"

Za mtengo sizinawakhudze. Chimene chinawadabwitsa ndi chakuti anthu ophunzira angamwe chinthu chimene mwini wake sanalawe pamaso pawo.

Nanga zinatheka bwanji kuti luso limodzi lomweli kwina likhale ulemu, kwina manyazi? Mbiri ili ndi yankho, ndipo yankholo silikhudza kwenikweni kakomedwe. Tengani Chibuku chomwechi. Chinayamba m'zaka za m'ma 1950 ku Kitwe, m'dera la migodi ya mkuwa ku Zambia, ndi mzungu wina dzina lake Max Heinrich. Kafululidwe kake n'kamene amayi a m'dera lino anali akukadziwa kalekale. Chimene iye anaonjezera ndi makina, chiphaso cha boma ndi kulemba. Dzina lenilenilo akuti linachokera ku buku limene ankalembamo za mowa wakewo. Taganizani: amayi anali ndi luso m'manja, iye anali ndi buku, ndipo lero chimene tonse timachidziwa ndi dzina la bukulo.

Ku South Africa nkhani inali yoonekeratu. Lamulo la mu 1908 ku Natal linapatsa makhonsolo mphamvu yoti akhale okhawo ofulula ndi kugulitsa mowa wa mapira m'matauni. Mzinda wa Durban unamanga nyumba zake zomwera mowa, phindu lake n'kumayendetsera ulamuliro wa anthu akuda omwewo amene ankamwa, pamene amayi ofulula kunyumba ankathyoleredwa migolo ndi kumangidwa. Njira imeneyi inatengeredwa m'matauni ena ambiri kum'mwera kwa Africa, kumene agogo athu opita ku Joni ndi ku Halale anakamwa mowa wa khonsolo. Mu June 1959 amayi a ku Cato Manor anatopa, analowa m'nyumba zomwera mowazo ndi ndodo n'kuthamangitsa amuna. Boma silinkadana ndi mowa. Linkadana ndi ndalama ya mowa kulowa m'chitenje cha mzimayi.

Kwa azungu eniake zinachitikanso. Wolemba mbiri Judith Bennett anaonetsa m'buku lake la mu 1996 kuti ku England cha m'ma 1300 ofulula ambiri anali akazi, m'makomo mwawo, koma malondawo atakula n'kuyamba kufuna mpamba waukulu anagwera m'manja mwa amuna. Ku America, kufulula mowa pakhomo kunali koletsedwa mpaka pulezidenti Jimmy Carter atasaina lamulo lololeza mu 1978. Anyamata amene ankaphika m'magalaja ndiwo ena anadzatsegula timakampani ta craft beer timene lero tilipo masauzande. Ndipo ku Brazil kuli cachaça, chakumwa chotchezedwa kuchokera ku nzimbe, chimene dzina lake likumveka mu "kachasu" wathuyu, zosadabwitsa poti Apwitikizi anakhala zaka mazana m'chigwa cha Zambezi. Mfumu ya Portugal inachiletsa mu 1649 poteteza malonda a zakumwa za kwawo, eni minda ya nzimbe anaukira ku Rio de Janeiro mu 1660, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1661. Lero ndi chakumwa chonyaditsa dziko, ndipo mu 2013 America inavomereza kuti dzinalo ndi la chopangidwa ku Brazil basi. Chinthu chimakhala chaumbuli mpaka tsiku limene munthu wa mpamba wachiika m'botolo.

Katswiri wina wa ku France wa za kakhalidwe ka anthu, Pierre Bourdieu, analemba buku lalikulu mu 1979 pa mfundo imeneyi. Anapeza kuti zimene munthu amati "ndimakonda", kaya nyimbo, chakudya kapena zovala, zimatsata kwambiri banja limene anabadwiramo ndi sukulu imene anapita, ndipo kuti anthu amagwiritsa ntchito zokonda zawozo ngati mpanda: ife a mkati, inu a kunja. Amene anakhalapo pa malo ena a ku Lilongwe, n'kumva mnyamata wobadwira ku Santhe akufotokoza mu Chingerezi cha m'mphuno kuti Green ndi madzi chabe, akudziwa kuti mkuluyu sananame. Nthawi zambiri polawa mowa timakhala tikulengeza kuti tafika pati.

Koma sindikufuna kuimira pamenepo, chifukwa kutero n'kunena kuti kulawa konse ndi chinyengo, pamene si choncho. David Hume, mu nkhani yake ya mu 1757 yokhudza muyeso wa kakomedwe, anabwereka kankhani ka m'buku la Don Quixote. Abale awiri a Sancho Panza anapemphedwa kulawa vinyo wa mu mgolo wina wotamandidwa. Woyamba anati ndi wabwino, kungoti akumveka chikopa pang'ono. Wachiwiri anati ndi wabwino, kungoti akumveka chitsulo. Anthu anawaseka. Vinyo atatha, pansi pa mgolo anapezapo kiyi wakale womangiriridwa ku kachingwe kachikopa. Mfundo ya Hume ndi yakuti lilime limaphunzitsika, ndipo lophunzitsidwa bwino limagwira zinthu zimene zilipodi. Mnzathu wa ku Mchinji uja anali m'bale wa Sancho: anamva chimene chinalimodi m'botolo. Amayi aakulu akanunkhiza mgolo n'kunena kuti uwu ukufuna tsiku limodzi, sakudzionetsera. Akudziwa.

Ife ana a alimi a fodya timadziwa bwino kuti luso losiyanitsa ndi lenileni, chifukwa tinakula tikuliona. Bambo anga akakhala m'chigafa nyengo yosankha fodya, zala zawo zimawerenga tsamba ngati mmene ine ndimawerengera foni. Ili ndi la pansi, ili la pakati, ili la kunsonga; ili linapsa bwino, ili linathyoledwa lisanakhwime, ili linagwidwa ndi chinyezi pa mikangala. Sasuta, sanasutepo. Chaka chonse, kuyambira kufesa nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera mvula yoyamba, kuthyola, kusoka, mpaka kudinda mabelo pa jeke, amasamalira chinthu chimene sadzachilawa, chokasutidwa ndi anthu amene sadzawaona. Mabelo akafika kumsika, kaya pa okushoni kaya pa kontirakiti, munthu wina amasolola masamba angapo, amayang'ana, n'kutchula giredi ndi mtengo mu kanthawi kochepa kuposa kamene mwatenga powerenga ndime ino. Luso la wogulayo ndi lenileni. Luso la bambo ndi lenileninso. Kusiyana kwake n'kwakuti luso la mmodzi limatchula mtengo, la winayo limangodikira kumva. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mlimi wa ku Kasungu fodya wake yense ndi wa pachala.

Ndipo nkhani ziwirizi, ya fodya ndi ya mowa, zimakumana ku banki. Hops amafuna masiku aatali a chilimwe cha maiko akutali ndi pakati pa dziko. Ngakhale ku South Africa amalimidwa kum'mwera kwenikweni, cha ku George. Ndiye botolo la IPA likafika pa shelefu ku Lilongwe, kapena wina akaitanitsa hops ndi chimera cha balere kuti afulule konkuno, pamafunika ndalama yakunja. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalama yakunja ya dziko lino lachokera m'mabelo amene mumaona pa malole opita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa botolo ndi mtengo wa thumba la feteleza zinakwera tsiku limodzi. Wolawa wa pampando wautali uja ndi mlimi wa m'chigafa ali pa chingwe chimodzi, kungoti mmodzi yekha ndi amene amamva kukoka kwake.

Apa wina anena kuti, "Ndiye ukufuna kutiuza kuti za kumudzi zonse n'zabwino?" Ayi ndithu. Amene anakulira m'dera la fodya sangaimbire mowa nyimbo yotamanda. Tonse tinaona nyengo ya msika: bambo wolandira ndalama ya chaka chonse, n'kusowa pakhomo sabata ziwiri, n'kubwera ndi wailesi yatsopano ndi ngongole, fizi ya ana itatsalira pa bala ya pa Kasungu boma. Kachasu alibe womuyeza mphamvu, ndipo wapha ziwindi za amalume athu ambiri asanafike zaka makumi asanu. Madzi ofululira si nthawi zonse amakhala aukhondo. Ku koleji nako tinataya anzathu anzeru kwambiri, owidedwa osati chifukwa chosamva za m'kalasi, koma chifukwa Lachisanu lawo linkayamba Lachiwiri. Ndipo mowa umene unaononga achinyamata ambiri a msinkhu wathu sunali wa amayi a kumudzi. Unali wa m'masacheti, wopangidwa m'mafakitale, wotchipa moti mwana wa pulayimale ankaukwanitsa. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, ife tinaletsa masacheti mu 2015, koma midoli inabwera kudzakhala pa malo omwewo. Umenewo ndiwo mowa umene palibe amaulawa, kaya wopanga kaya wakumwa. Ntchito yake ndi imodzi: kuzimitsa mutu mwamsanga pa ndalama yochepa.

Pamenepa ndi pamene ndimaona chabwino mu kulawa kwa m'tauni kuja. Munthu amene akununkhiza ndi kumwa pang'onopang'ono, amene akufuna kudziwa kuti muli chiyani, wabweza maganizo ake pa chimene akumwa. Usiku uja m'chipinda, mabotolo asanu ndi limodzi anatikwanira anthu asanu kwa maola atatu, ndipo aliyense anadzuka bwino m'mawa. Koma ngakhale ichi si chachilendo kwathu. Mowa wa dima unkabwera ntchito itatha, anthu atalima munda wa mnzawo. Mowa wa pa bona unali ndi mwini wake, malemu amene akukumbukiridwa. Chipanda chinkayenda dzanja ndi dzanja, wina akachedwa nacho pakamwa anzake amamudzudzula, ndipo mwana sankayandikira. Njira ziwirizi, ya kathabwa ndi ya chipanda, zimagwirizana pa mfundo imodzi imene sacheti inaiphwanya: mowa uli ndi chiyambi chake, uli ndi nthawi yake, ndipo umamwedwa anthu akuonana.

Ndivomerezenso mbali ina imene amayi aakulu sangaikonde. Chizindikiro cha pabotolo nachonso ndi mtundu wa kulawa koyamba. Wolemba dzina la kampani yake, mphamvu ya mowa ndi tsiku lothera ntchito, akudzimangirira: zikavuta mukandipeza apa. M'mudzi nkhope imakwanira chifukwa tonse timadziwana. Mu mzinda wa anthu miliyoni nkhope siikwanira. Pamafunika muyeso ndi woyeza. Kenya inazindikira zimenezi mu 2010 pamene inaloleza chang'aa, kachasu wa kumeneko, bola akhale woyezedwa ndi woikidwa m'mabotolo. Vuto si botolo. Vuto ndi lakuti nthawi zonse botolo likabwera, mwini luso amatsala kunja kwa mpanda.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi ili. Lilime lophunzira ndi chinthu chabwino, monga khutu lodziwa nyimbo kapena zala zodziwa fodya. Koma palokha silimpangitsa munthu kukhala wabwino. Zimatengera kumene likumutsogolera. Ngati kudziwa kusiyanitsa IPA ndi stout kukukufikitsa pofunsa kuti anapanga ndani, ndi chiyani, analipidwa zingati, ndiye kuti kwakutsegula maso, ndipo maso omwewo adzaona luso mu mgolo wa kuseri kwa nyumba ya kwanu. Ngati kukungokufikitsa pokwinya nkhope ukamva fungo la masese pa chitenje cha mayi amene anakulipirira fizi ya fomu wanu ndi ndalama ya masese omwewo, ndiye kuti sunaphunzire kulawa. Waphunzira mawu atsopano onenera kuti "ine si mnzanu".

Ku South Africa kuli mayi wina, Apiwe Nxusani-Mawela, wophunzira sayansi ya tizilombo tosaoneka ndi maso, amene anakhala mkazi wakuda woyamba m'dzikomo kukhala ndi fakitale yakeyake yaing'ono ya mowa, ndipo mu mowa wake wa Tolokazi amagwiritsa ntchito mapira, mbewu ya agogo ake. Kuno tili ndi achinyamata otuluka ku Bunda ndi m'makoleji ena odziwa sayansi ya zakudya, tili ndi mawere, mapira, malambe, bwemba ndi masuku. Tsiku lina wina mwa ife adzaika masese abwino, aukhondo, oyezedwa, m'botolo lokongola, ndipo ndidzakondwa. Koma tsiku limenelo ndi pamene mbiri ya ku Kitwe ikhoza kudzabwerezeka ndi nkhope yakuda: womaliza digiri kupita kumudzi ndi kope, kufunsa amayi mafunso masiku atatu, kubwerera kutauni, dzina lake pabotolo, amayi aja n'kudzauzidwa kuti mowa wawo ndi wosavomerezeka. Kuba sikusiya kukhala kuba chifukwa wakubayo ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Ngati luso ndi lawo, dzina lawo likhalepo, ndipo gawo la phindu lifike m'chitenje chawo.

Ndipo nkhaniyi imapitirira mowa, ngakhale kwa inu amene simumwa. Sukulu imatikonzekeretsa kukhala olawa a pampando wautali. Tikalembedwa ntchito timakhala oyeza, ogamula, olemba malipoti: mlangizi wouza mlimi mbewu yoti adzale, wa ku banki wovomereza ngongole, namwino wopereka mankhwala, mphunzitsi wosankha buku, wa bungwe wobweretsa pulojekiti m'mudzi. Timapereka kwa anthu zipanda zimene ife sitimwako. Mbewu ikakanika, malipiro athu amalowabe pa 25. Mwana wa mphunzitsi wa sukulu ya boma akamaphunzira ku pulayiveti, mlangizi akamalimbikitsa mbewu imene iye sanadzale m'munda mwake, anthu a kumudzi amaona, ndipo amadziwa kuti mwini mowa sanalawe.

Sitingalawe zonse zimene timapereka. Dokotala sangamwe mankhwala onse. Koma titha kufunsa, tisanapereke, ngati tikanalola kuti chimenechi chiyambe ndi ife kapena ndi mwana wathu, ndipo titha kukhalabe pamalopo zotsatira zikamabwera, osathawira ku ofesi. Munthu wophunzira amene amachita zimenezi amwe IPA yake mwamtendere, kaya Green, kaya thobwa. Amene sachita, ngakhale atadziwa mayina a hops onse a padziko, akanali ndi phunziro limodzi limene mzimayi wosadziwa kulemba dzina lake wa ku Chamama analikhoza kalekale.